Kodi kapuchi amadziwa bwanji nthawi yogona m'mapesi?

Mlimi wa ku Dedza

Ndikupempha amene anaphunzira za tizilombo kuti andithandize. Mu Ogasiti ndinang'amba mapesi ouma omwe ndinaunjika m'mphepete mwa munda, ndipo cha kutsinde kwa ena ndinapezamo mbozi za kapuchi zamoyo, zoyererako, zosadya kanthu, zongogwedezeka pang'ono munthu akazikhudza. Mwana wanga wa ku sekondale akuti mbozi zimagona chonchi usana ukayamba kufupika ndiponso kunja kukazizira. Kodi zimenezi n'zoona ngakhale kuno kwathu, kumene usana wa mu Juni ndi wa mu Disembala susiyana kwambiri?

Mphunzitsi wa sayansi, Zomba

Bambo, mwana wanuyo sananame, koma zimene wanenazo zimaoneka bwino m'maiko a chisanu choopsa. Ku London usana umapitirira maola 16 mu Juni, nutsika kufika pa maola 8 mu Disembala, pomwe ku Lilongwe umangoyenda pakati pa maola 11 ndi 13. Mbozi yoboola chimanga ya ku Ulaya ndi ku America, yotchedwa Ostrinia nubilalis, imatsatira kwambiri kutalika kwa usana: ikakula m'masiku amene usana ukufupika, imaleka kudya ikakhwima, nigona m'phesi mpaka chisanu chitatha. Usana ndi chizindikiro chodalirika chifukwa susintha chaka ndi chaka, pomwe kuzizira kumatha kubwera msanga kapena mochedwa. Komabe ziwirizi zimagwirizana, pakuti kukazizira mbozi zambiri zimagona, ndipo kukatentha zina zimapitiriza kukula ngakhale usana wafupikako.

Tulo timeneti akatswiri amatitcha diapause, ndipo sitifanana ndi kungouma thupi ndi mphepo. Mbozi imakonzekeratu nyengo yoipa isanafike: imasunga mafuta, imachepetsa kapumidwe, ndipo mahomoni ake, timadzi ta m'thupi tolamulira kakulidwe, amaiimitsa kuti isasanduke gulugufe. N'chifukwa chake tsiku limodzi lofunda silingaidzutse.

Mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma kapuchi wathu, Busseola fusca, sathawa chisanu ayi, amathawa chilimwe chimene mulibe chimanga kapena mapira aawisi. Chimene chimamugonetsa kwenikweni ndi kukalamba kwa mbewu imene akudya. Chimanga chikamakhwima, madzi ndi zomanga thupi za m'phesi zimachepa, ndipo mbozi yomwe yakulira pa chakudya chotere imasiya kudya, imatuwa, nikhala m'mphako imene inaboola kwa miyezi yomwe imatha kukwana isanu ndi umodzi, ikuonda pang'onopang'ono. Chimene chimaidzutsa ndi chinyontho cha mvula yoyamba, ndiye agulugufe ake amatuluka n'kukaikira mazira pa chimanga chanthete. Ku South Africa, kumene chisanu n'chachikulu ndipo usana umasinthako kuposa kuno, kutentha ndi kutalika kwa usana kumathandizira kudzutsa mboziyo. Ine ndimaona kuti kwa mlimi wa ku Dedza, phesi ndi mvula ndizo zofunika kuziyang'anira.

Mulu wanu wa mapesiwo, bambo, ukusunga kapuchi wa dzinja likubwerali, chifukwa m'kati mwa mulu mumakhala mthunzi. Mapesiwo muwaphwasule, muwayale pansi mopyapyala kuti dzuwa la mu Seputembala ndi Okutobala liwawambe, ndipo mbozi zambiri zidzafa, zina zidzadyedwa ndi nyerere.

Mayi wa ku Mchinji

Zikomo alangizi, koma pano mwandidetsa nkhawa. Ife timaphimbira nthaka ndi mapesi monga tinaphunzitsidwira pa ulimi wa mtayakhasu, ndipo chinyontho chimakhalitsa ndithu m'munda. Kodi pamenepa tikuweta kapuchi? Nanga ntchemberezandonda zatsopanozi nazo zimagona m'mapesi momwemo?

Mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito

Mayi, musaleke kuphimbira ndipo musatenthe mapesi. Oopsa kwambiri ndi mapesi oimirira, ounjika, ndi omangira mipanda pafupi ndi munda; ogonekedwa padzuwa, makamaka mukawadula zidutswa, sasunga mbozi zochuluka. Ntchemberezandonda zimene zinafika mu Africa m'chaka cha 2016 zilibe tulo totere n'komwe. Zimafuna chakudya chachiwisi chaka chonse, choncho m'chilimwe muzifune m'chimanga cha kudimba ndi cha mthirira, mukasuzumire m'mitima mwake m'mawa.