Kalavati ikusefukira, tingokulitsa paipi?

Wamisewu: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Tili ndi kalavati ya 600mm yomwe inaikidwa kumtunda kukadali tchire ndi minda, pano kuli malata okhaokha ndipo aliyense wathira simenti pabwalo pake. Mvula ikangogwa mphindi 30 madzi akudutsa pamwamba pa phula, dzulo ndapeza m'mphepete mwakumbika moti phazi likulowa. Abwana akuti tingoika ya 900 nkhani ithe.

Wangalande: Mwasuzumiramo koma? Ine ina ndinaipeza theka lonse ndi mchenga, mabotolo ndi matewera, titachotsa inayamba kukoka bwinobwino

Wamisewu: Tinachotsa achimwene, ikusefukirabe

Wangalande: Ndiye bwererani ku Q = CiA, masamu owerengera madzi othamanga: Q ndi kuchuluka kwa madziwo, C ndi gawo la mvula lomwe limathamanga osalowa pansi, i ndi mphamvu ya mvula, A ndi kukula kwa malo othira madzi pamenepo. Pa tchire C amakhala cha m'ma 0.2 kapena 0.3, pa malata ndi simenti amafika 0.9, mvula yomweyo koma madzi othamanga akhoza kuchuluka katatu, ndiponso akufika msanga poti palibe chowachedwetsa. Ya 900 imanyamula pafupifupi katatu ya 600, pa pepala abwana anu sakulakwa.

Mayi wa mapulani: Pa pepala eya, nanga madziwo akatuluka akupita kwa ndani? Mungosamutsira vuto kwa anthu akumunsi, ndipo kumunsi nthawi zambiri ndi komwe kumakhala ovutika omwe anamanga m'dambo chifukwa malo abwino anawakanika. Ku Copenhagen, likulu la Denmark, chimvula cha pa 2 July 2011 chitawamiza anaona kuti mapaipi okha sangakwane, anayamba kukonza mapaki ndi misewu ina kuti izisunga madzi kwa kanthawi. China nayo inayamba zoyeserera za sponge city mu 2015, ganizo ndi lomwelo, madzi achedwe komwe agwera. Kumtundako kulibe malo opanda nyumba?

Wamisewu: Kuli bwalo la mpira lotsika pang'ono mayi, ana amasewerapo

Mayi wa mapulani: Basi ndi limenelo. Likumbeni pang'ono, potulukira paikidwe kapaipi kakang'ono kuti madzi azichoka pang'onopang'ono osagona masiku, apo ayi mwaweta udzudzu. Koma thamangani kukhonsolo alilembe kuti ndi malo a madzi asanalidule mapuloti, mzinda ukamakula chonchi bwalo lopanda mpanda silichedwa kupeza mwini wake.

Wangalande: Muikenso sefa ya zitsulo polowera, ndipo mulembe mu lipoti kuti azichotsa zinyalala ndani, zimenezi ndi zomwe timaiwala tonse

Wamisewu: Zikomo, mawa ndikayeza bwalolo ndi malo onse othira madzi pamenepo, ndibweretsa manambala tione ngati 600 ingatsale.