Anamgumi akumira boti likangoyandikira, ndichite chiyani?

Mnyamata wa ku Chembe (St Lucia): Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndayamba kumene kugwira chiwongolero cha boti lotengera alendo kukaona anamgumi kuno ku St Lucia, ku South Africa. Mpweya wawo ndimauona ndili patali, koma ndikangofika pafupi namgumi amakweza mchira n'kumira, ndipo pobwerera amakatulukira kwina. Alendo amangojambula madzi. Abwana ayamba kundiyang'ana ndi diso lofiira poti ena akufuna ndalama zawo.

Madala a ku Durban: Iwe mwana, tiuze kaye mmene umafikira. Umamudzera kuti? Nanga moto umachepetsa liti?

Mnyamata wa ku Chembe (St Lucia): Ndimathamanga kuti ndimupeze asanalowe pansi, madala, kenako ndimachepetsa ndikafika. Nthawi zambiri ndimamutsata kumbuyo.

Madala a ku Durban: Vuto ndi lomwelo. Iwe ukuganiza kuti amakuona, koma namgumi amakhala ndi makutu. M'madzi phokoso limayenda msanga kuposa m'mwamba, pafupifupi makilomita 1.5 pa sekondi. Injini ikamalira mofanana sadandaula kwenikweni. Chimene amadana nacho ndi kusinthasintha, kubangula kenako zii, kenako giya khwa. Ndiye iwe ukumudzera kumbuyo ngati chilombo chomusaka. Yamba kuchepetsa moto pang'onopang'ono ukadali kutali, mamita 300 asanakwane. Ona kaye kumene akulowera, umuyende m'mbali motsalira pang'ono, pa liwiro lake lomwelo. Usamudule kutsogolo, usamutsate kumchira.

Achemwali a ku Tofo: Madala anena zoona. Ine ndiwonjezere za ana. Anamgumi a linunda awa amachokera ku Antarctica kudzaswana ndi kuberekera kumadzi ofunda a kuno ku Mozambique, ndiye kuyambira cha mu September ambiri amene akubwerera kummwera amakhala ndi ana. Mukaona mpweya waukulu ndi kena kakang'ono pambali pake, kotuluka pafupipafupi, dziwani kuti ndi mayi ndi khanda. Amenewo musalimbane nawo, achimwene. Mayi amadziika pakati pa boti ndi mwana n'kumutsogolera kutali. Funani gulu la amuna olimbirana mkazi, amenewo alibe nanu ntchito, amamenya madzi ndi zipsepse mpaka alendo kukuwa.

Makaniko wa ku Richards Bay: Ine ndikanati akafika angothimitsa injini, phokoso lithe.

Madala a ku Durban: Ayi bwanawe. Aike pa neutral koma injini izilira. Namgumi ali pansi amadziwa pamene boti lili chifukwa cha kulira kwakeko. Ukathimitsa, chinyama cha matani 30 chingathe kutulukira pamphuno pako. Komanso nyanja ya kumeneko si ya ku Chembe. Mafunde ake aja, injini ikakana kulira mphepo itayamba, udzafotokoza chiyani uli ndi anthu m'boti?

Makaniko wa ku Richards Bay: Chabwino, ndagonja. Koma ayang'anitse pulopela. Ikapindika ngakhale pang'ono pogunda mchenga polowa m'madzi, monga zimachitikira kumene boti limakankhidwira kugombe, imanjenjemera ndi kulira moipa pansi pa madzi. Iwe m'boti sumva bwino. Gwira chiwongolero pa moto wochepa, ngati chikunjenjemera m'manja, itulutse tiione.

Achemwali a ku Tofo: Za alendo ofuna ndalamazo, theka la vutoli limathera pamchenga musananyamuke. Auzeni poyera kuti namgumi akakweza mchira angathe kukhala pansi mphindi 10 kapena kuposa, ndipo muwasonyeze kadera kosalala ngati pathiridwa mafuta kamene kamatsala pomwe wamira. Mlendo wodziwa chimene akudikira sakwiya msanga. Ife tili ndi hydrophone, kachipangizo komvera mawu a pansi pa madzi, timaiponya m'madzi nthawi yodikirayo, anthu n'kumamva anamgumi aamuna akuimba pansi. Pempha abwana ako agule, si yodula poyerekeza ndi kubweza ndalama za boti lonse.

Madala a ku Durban: Ndipo abwanawo akakukakamiza kuti uyandikire zedi, akumbutse lamulo la kuno ku South Africa. Wopanda chilolezo sayandikira kupitirira mamita 300, ndipo ngakhale wa chilolezo malire ake ndi mamita 50. Namgumi akabwera yekha ndi nkhani ina, iwe ungokhala pa neutral mpaka achoke. Chilolezo chikalandidwa, woyamba kupakira katundu ndi iwe.

Mnyamata wa ku Chembe (St Lucia): Zikomo nonse. Lero m'mawa ndinayenda m'mbali monga mwanenera, awiri anatilola kuyenda nawo mpaka tinawasiya tokha. A Makaniko, chiwongolero chikunjenjemeradi, makamaka injini ya kumanja. Ndikutumizirani chithunzi cha pulopelayo madzulo ano, mundiuze ngati ndi yowongola kapena tigule ina.