Kodi "adhaltranas" amatchulidwa bwanji, nanga anachokera kuti?

Mayi wa ku Galway:
Abale, mwana wanga ali ku sekondale kuno ku Galway, m'dziko la Ireland, amaphunzira Chiayirishi. Dzulo anabwera ndi Malamulo Khumi kuti ndimumvetsere akamaloweza. Pa lamulo la chigololo panalembedwa "Ná déan adhaltranas". Ine ndinawerenga kuti "adi-halitranasi", mwanayo kuseka mpaka misozi. Amatchula bwanji? Ndiponso m'makutu mwangamu sakumveka ngati mawu akunokuno.

Bambo wa ku Limerick:
Mayi, mwamva bwino, ndi mawu obwereka. Anachokera ku Chilatini, "adulterium", Chikhristu chitafika ku Ireland m'zaka za m'ma 400. M'Chiayirishi chakale ankalemba "adaltras". Potchula, "adh" musamuwerenge chilembo ndi chilembo, amamveka ngati "ai", ndiye nenani "ail-tra-nas". "Ná déan" ndi "usachite", ndendende ngati kwathu timati "usachite chigololo". Dzinali lili m'gulu la mayina aamuna, ndiye likatsatira "an" (kofanana ndi "the" wa Chingerezi) pamalowa t, kukhala "an t-adhaltranas". Mukafuna kunena "cha chigololo" mathero amasintha, "adhaltranais". Mayeso amakonda kugwetsa ana pomwepo.

Mlongo wa ku Cork:
Ine chimandisangalatsa ndi mbale wake wa mawuwa, "adhaltrach". Lero ndi munthu wachigololo basi. Koma m'malamulo akale a ku Ireland otchedwa Brehon, cha m'ma 700, "adaltrach" anali mkazi wachiwiri wodziwika ndi lamulo, pamene wamkulu ankatchedwa "cétmuinter". Mitala inalipo, abale, ngakhale tchalitchi chinkadana nayo, ndipo dzina lenilenilo likuonetsa mmene atsogoleri a mpingo ankamuonera mkazi wamng'onoyo. Lamulo linkalola mkazi wamkulu kumumenya mnzakeyo kwa masiku atatu oyamba popanda mlandu, bola osamupha. Wamng'onoyo ankaloledwa kungokanda ndi kukoka tsitsi. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira azakhali anga, mmene anamulandirira mkazi mnzawo tsiku loyamba.

Bambo wa ku Limerick:
Achemwali, azakhali anuwo akanapeza loya wabwino ku Ireland wakale! Mayi, mwana akakumananso ndi "Ná déan drúis" asadabwe. "Drúis" ndi chilakolako chonyansa, ndipo akuluakulu ena analoweza lamuloli choncho pa katekisimu.

Mayi wa ku Galway:
Zikomo nonse. Ndayesa "ail-tra-nas" pamaso pake, akuti ndayandikira. Za masiku atatuzo sindimuuza kaye.