Kodi kusaina pamsonkhano wa kampani yophwanya miyala ndiye kuti tavomera?

Mlimi wa ku Chipangali:
Abale anga, ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa malamulo a zachilengedwe. Mwezi watha kwathu kunabwera anthu a kampani ina imene ikufuna kuphwanya miyala paphiri limene lili kumtunda kwa dambo lathu, ndipo anatisonkhanitsa pabwalo la amfumu. Anafotokoza za ntchito zimene achinyamata adzapeze, kenaka anayendetsa pepala kuti aliyense alembe dzina ndi kusaina; osatha kulemba anadinda chala. Tsopano ena akunena kuti potero tinapereka phirilo. M'dambomo ndimo muli madimba athu ndi zitsime ziwiri, ndipo manda a makolo athu ali m'tsinde mwa phiri lomwelo. Kodi boma limaunika bwanji ntchito zotere lisanazilole, nanga mawu athu amalowera pati?

Mphunzitsi wopuma ntchito, Katete:
Bambo, mtima ukhale pansi. Pepala limene munasainalo, ngati ndi la mayina chabe, limangosonyeza kuti munalipo, ndipo chilolezo cha zachilengedwe sichichokera pabwalo la amfumu. Chimachokera ku ZEMA, bungwe la boma la Zambia loyang'anira zachilengedwe, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011 m'malo mwa bungwe lakale la Environmental Council of Zambia. Malamulo a mu 1997 okhudza kauniuni ameneyu amagawa ntchito pawiri: yaing'onopo imafuna lipoti lalifupi lotchedwa Environmental Project Brief, pamene yaikulu imafuna lipoti lathunthu la Environmental Impact Statement. Pa lipoti lathunthuli mwini ntchito ayenera kulengeza cholinga chake m'chilankhulo chimene anthu a pamalopo amamva, kenaka n'kuchita nawo misonkhano kuti amve maganizo awo. Lipotilo likafika ku ZEMA, anthu amapatsidwa mpata woliwerenga ndi kulemberapo ndemanga, ndipo bungweli likhoza kuitanitsa msonkhano wakewake, lisanatulutse kalata yolola, yolola ndi malire, kapena yokana. Nkhani ya malo ndi inanso payokha: kuti malo a mwambo asanduke a lizi (obwereketsedwa ndi boma kwa zaka zoikika), lamulo la malo la mu 1995 limafuna chilolezo cha mfumu yaikulu ndi khonsolo, osati mfumu ya mudzi yokha.

Mayi wa ku Nyimba:
Aphunzitsi alongosola bwino zimene zili papepala, koma ine sindingawauze bambowa kuti agone tulo. Pepala la mayinalo lidzamatidwa kumapeto kwa lipoti monga umboni wakuti anthu anafunsidwa, ndipo woliwerenga ku Lusaka sadzadziwa kuti pamsonkhanopo panakambidwa za ntchito zokha. Komanso kukana kwa ZEMA sikutseka nkhani. Kumbukirani mgodi wa mkuwa wa Kangaluwi m'nkhalango ya Lower Zambezi: bungweli linaukana mu 2012, koma mu 2014 a Harry Kalaba, amene anali nduna yoona za malo ndi zachilengedwe, anasintha chigamulocho kampani itachita apilo. Nkhaniyo inakhala zaka zambiri m'makhoti, ndipo chilolezo chinadzafafanizidwa mu 2023. Kuno kwathu, maganizo omanga damu la magetsi pamtsinje wa Luangwa, pa Ndevu Gorge, boma linawaimitsa mu 2019 anthu ambiri atasaina kalata yodandaula, kuphatikizapo mafumu. Ine ndimaona kuti m'nkhani zonse ziwirizi chimene chinagwira ntchito ndi madandaulo olembedwa amene anthu sanatope kuwatsatira.

Woyeza malo, Chipata:
Ndinagwirapo ntchito m'gulu lina lolemba malipoti oterewa, choncho ndionjezepo chimene ambiri sachidziwa. Akatswiri amene amalemba lipotilo amalipidwa ndi kampani yomwe ikufuna chilolezo, osati boma. Sindikunena kuti onse amanama, koma wolipidwa sathamangira kufufuza zimene zingakhumudwitse womulipira. Ife tinapita kukaona dambo lina mu Okutobala, nthaka itang'ambika ndi dzuwa, ndipo lipoti linatuluka likunena kuti pamalopo sipayenda madzi, chonsecho pa dzinja pamakhala mtsinje weniweni. Palibe anatitsutsa, chifukwa eni mudzi lipotilo sanalione n'komwe.

Choncho, bambo a ku Chipangali, choyamba funsani kuti ntchito yanuyo aiika m'gulu liti mwa awiri aja, pakuti ikaikidwa m'gulu la lipoti lalifupi mpata wanu wolankhula umachepa. Mukalipeza lipotilo, onani mwezi umene anayeza madzi, onani ngati zitsime ziwirizo ndi mandawo zili pamapu, ndiponso mtunda umene aulemba pakati pa malo ophulitsira miyala ndi nyumba yoyandikira kwambiri. Fumbi la miyala limakuta masamba a m'dimba, kuphulitsa kumang'amba zipupa za njerwa, ndipo dothi lokumbidwa likakokoloka ndi mvula yoyamba limakakwirira dambo. Zonsezi lipoti liyenera kunena mmene adzazipewere ndi amene adzalipire zikachitika. Kalata yanu yopita ku ZEMA itchule zinthu zimenezi chimodzichimodzi, ndipo musunge kope lodindidwa tsiku limene ailandira.

Mlimi wa ku Chipangali:
Zikomo kwambiri nonse. Ndakumbukira kuti alendowo sanafike n'komwe kumanda kapena kuzitsime, anangoima pamsewu n'kujambula phirilo. Loweruka tidzakhala pansi ndi amfumu ndi akhansala athu, ndipo mdzukulu wanga amene anamaliza Giredi 12 ndiye adzatiwerengere lipotilo tikalipeza. Bambo oyeza malo, kodi kalatayo tingailembe m'Chinyanja, kapena tifune wotimasulira m'Chingerezi?