Benz yakale ya agogo ku Namwera, ndi mtundu wanji?

Mdzukulu wa ku Namwera:
Abale ndithandizeni. Agogo aamuna anatisiyira Benz yakale, yakhala mu shedi ya fodya chiyambire ndili mwana mpaka nkhuku zimaikira pampando wakumbuyo. Blue book inasowa kalekale, zilembo za pa buti ana anazula. Kumbuyo ili ndi tinsonga tiwiri ngati zipsepse za chambo, magetsi akutsogolo ndi aatali oimirira, giya ili pachiwongolero pomwepo. Anyamata ogula zitsulo abwera kawiri ndipo amalume akuti tingogulitsa, koma ine mtima ukukana chifukwa ndi galimoto imene inanyamula amayi patsiku la ukwati wawo.

Wa ku Monkey Bay:
Imeneyo ndi W123 achimwene, zinalipo zambiri kale.

Makanika wa pa Boma:
Ayi bwana, W123 inayamba 1976 ndipo kumbuyo kwake kulibe zipsepse. Benz za zipsepse ndi za 1959 mpaka 1968, azungu amazitcha Fintail, ndipo zilipo za mitundu iwiri ikuluikulu. Ya magetsi ozungulira ndi W110, monga 190 kapena 200D ya dizilo ija, pomwe ya magetsi oimirira ngati mukunenayi ndi W111, yapamwamba, ya masilinda 6. Taonaninso mita ya liwiro, pa zimenezi si yozungulira ngati wotchi ayi, imakwera m'mwamba ngati chida choyezera kutentha kwa thupi kuchipatala chija ndipo imasintha mtundu mukamathamanga. Koma tisamangoyerekeza, tsegulani boneti mufufuze kachitsulo kolembedwa nambala ya chasisi, mukapukute ndi kansanza ka mafuta mutiuze manambala oyambirira.

Mdzukulu wa ku Namwera:
Ndakapeza! Mavu anamangapo chisa ndiye ndachita kupala ndi mpeni. Palembedwa 111 012 20 kenako manambala ena. Mita ija ndi yoimiriradi.

Makanika wa pa Boma:
Eee ndiye muli ndi 220S, anazipanga kuyambira 1959 mpaka 1965, injini ya petulo ya malita 2.2 yokhala ndi makabuleta awiri. 20 yo akutanthauza chiwongolero cha kumanja ndi giya yosintha ndi dzanja. Chonde musayese kuiliza ndi batire mutangoipeza, injini yokhalitsa chonchi muyambe mwachotsa mapulagi, muthire timafuta m'masilinda, papite masiku kenako muipukuse ndi sipanala muone ngati ikuzungulira. Mukwawirenso pansi ndi tochi, galimoto zimenezi dzimbiri limayambira pansi pa mapazi ndi mu buti.

Mayi a ku Malindi:
Mwanawe usalole a zitsulowo, iwo amayeza pa sikelo basi, nyenyezi ya pa boneti sawerengera. Khala nawo pansi amalume akowo mwaulemu, uwaonetse zimene anena amakanikazi.

Mdzukulu wa ku Namwera:
Zikomo amayi. Nyenyeziyo ilipo, agogo aakazi anaisunga m'chitini cha ulusi. Amakanika, Loweruka mungakwere kuno kudzaiona? Thiransipoti ndilipira ine.