Mphwayi zandigwira pokonzekera Sapitwa, ndithandizeni nzeru

Wofunsa: Akuluakulu, ndili pa Dedza boma, ndikukonzekera kukakwera Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phiri la Mulanje, mu Ogasiti. Phiri la Dedza ndimakwera kasanu pa sabata, chikwama cha makilogalamu 12 kumsana. Ino ndi sabata yachisanu, miyendo yalemera, ndipo ndi kuzizira kwa Juni kuno alamu ikalira mtima ukukana. Nditani kuti ndisasiyire panjira?

Wa ku Bembeke: Achimwene, umenewo si ulesi, thupi latopa. Kasanu ndi katundu wotero mwanyanya. Minofu imalimba tsiku lopuma, ndiye mukaimana mpumulo choyamba kutha ndi chilakolako. Phiri likhale katatu: Loweruka ulendo wautali wa maola 4 kapena 5, masiku awiri enawo ola limodzi ndi theka. Yendani liwiro loti mutha kucheza ndi mnzanu osabanika. Chikwama mubwerere pa makilogalamu 6, muziwonjezera imodzi pa sabata. Masabata atatu kuwonjezera, yachinayi dulani ndi theka. M'mawa musanadzuke werengani kugunda kwa mtima pa mkono kwa mphindi imodzi. Kukakwera ndi 10 kuposa masiku onse, mpaka masiku awiri otsatizana, pumani.

Wa ku Lizulu: Ndionjezepo za katundu. Musaike miyala, ikani zigubu za madzi. Mukafika pamwamba khuthulani, mutsike wopepuka, chifukwa mawondo amawonongekera potsika. Komanso ambiri amanyamuka ndi tiyi yekha. Imwani phala, tengani nthochi ndi mtedza, madzi theka la lita pa ola, ulendo wautaliwo sungunulani Thanzi ORS m'botolo limodzi. Mukatsika idyani ola lisanathe, nsima ya nyemba kapena mbatatesi ndi mazira.

Wa ku Tsangano: Zonsezo n'zoona, koma mtima umafunanso chinthu choti uziona chikuyenda. Tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, nsonga ya phirilo 2,198, ndiye mumakwera mamita ngati 600. Kuchokera pa Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kukafika pa Chisepo, pomwe anthu amagona asanalowere ku Sapitwa, n'koposa kawiri pamenepo. Choncho cholinga chanu chikhale ichi: pofika kumapeto kwa Julayi mukwere Dedza kawiri tsiku limodzi. Gulani kope, muzilemba tsiku, maola ndi kulemera kwa chikwama. Tsiku lomwe mtima wakana, werengani tsamba loyamba.

Nsapato, jekete ndi madzi konzeranitu usiku. Panganani ndi munthu malo ndi nthawi yokumana, pakuti wina akudikira pa mphepo simungagonenso. Njira imodzimodzi imatopetsa, Loweruka lina pitani ku Chongoni kapena phiri la Ntcheu, makamaka pa matanthwe, chifukwa chigawo chomaliza cha Sapitwa n'chokwera ndi manja omwe.

Wa ku Bembeke: Ndinaiwala chimodzi. Sabata yomaliza musanapite ku Mulanje muzingoyenda pang'ono opanda katundu. Ndipo mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire pokwera, musalimbe mtima ayi, tsikani mukaonane ndi adokotala.