Ndodo ndi reel zowedzera m'madzi amchere ku Nacala

Dalaivala wa ku Mchinji: Abale anga, ndimayendetsa thiraki yopita ku Nacala, ndipo ndikamadikira katundu masiku angapo ndimalakalaka kuwedza nditaima m'mphepete mwa nyanja pogwiritsa ntchito nyambo zopanga. Ine ndinakulira pa nsungwi ndi nyongolotsi mu mtsinje wa Bua. Kodi ndigule ndodo ndi reel (chokulungira chingwe) zotani?

Mphunzitsi wa ku Kasungu: Achimwene, funani ndodo yotalika mamita 2.4 mpaka 2.7, chifukwa yaifupi siponya patali ndipo nsomba zimakhala kuseri kwa mafunde. Pafupi ndi chogwirira pamalembedwa kulemera kwa nyambo imene ndodoyo imatha kuponya. Magalamu 10 mpaka 30 ndi okwanira. Reel ikhale ya mtundu wa spinning (imene imakhala kunsi kwa ndodo), saizi 3000 kapena 4000, koma muiyese kaye pandodopo, pakuti ikalemera kwambiri dzanja limatopa msanga poponya ndi kukoka kambirimbiri.

Makaniko wa ku Kamwendo: Ndikugwirizana ndi aphunzitsi, koma mdani wamkulu ndi mchere. Reel yanga yoyamba ndinaiponya m'thumba ili yonyowa, ndipo nditafika kunyumba chogwirira chake chopukusira chinali kukukuta ngati muli mchenga, dzimbiri litadya mabering'i. Mukaweruka muziitsuka ndi madzi akumwa pang'onopang'ono, kuiumitsa pamthunzi, kenako kumasula drag, yomwe ndi buleki ya chingwe pa reel.

Dalaivala wa ku Mchinji: Zikomo akuluakulu. Nanga chingwe?

Mphunzitsi wa ku Kasungu: Tengani choluka chopyapyala, koma kumapeto mulumikize mita imodzi ya chingwe cha pulasitiki choonekera chotchedwa fluorocarbon, popeza choluka chimaduka msanga chikakhula pamiyala.